Dalaivala Wosaima Pachipata

Achimwene anga a Mareko anayamba kuyendetsa basi ya kumudzi kwathu yopita kumzinda wa Apia ine ndili kamtsikana, ndipo kwa zaka zambiri sanagwetsepo munthu. Koma mukafunsa anthu akwathu, akuuzani kuti anali dalaivala wogontha. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Basi yathu ikadzaza palibe amaimirira. Timakhazikana pamiyendo, mwana pa amake, mtsikana pa azakhali ake, pansi mikoko ya nthochi ndi makokonati. Wofuna kutsika amagogoda pawindo ndi kandalama kachitsulo. Tsono anthu akwathu amagogoda atafika kale pachipata pawo penipeni, n'kumafuna basi iime pomwepo ngati wilibala.

A Mareko ankaponda buleki pang'onopang'ono, basi n'kukaima patsogolo pang'ono, munthu n'kubwerera wapansi akung'ung'udza. Achimwene ankawauza anthuwo kuti basi ukhoza kuiimitsa, koma matupi a anthu m'katimo amakhala akadali paulendo, ndipo wokhala pamiyendo ya mnzake alibe pogwira. Analankhula mpaka malovu kuuma, koma zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Wodandaula wamkulu anali mayi Sialei, akazi a abusa, oti phazi lawo silidziwana ndi fumbi. Anakawaneneza kwa mwini basi, ndipo mwini basi anauza achimwene kuti dandaulo lina likangomupeza, asiye makiyi. Chonsecho achimwenewo anali munthu woti kunyumba kuli ana odya.

Loweruka lotsatira tikuchokera kumsika, basi ili tho, mayi Sialei anagogoda. Ndinaona achimwene akutiyang'ana pagalasi. Kenako anaponda buleki mwamphamvu.

Basi inaima, ife ayi. Nthochi, makokonati, anthu, zonse zinakhuthukira kutsogolo. Kamwana ka a Fetuao, aneba athu, kanachoka pamiyendo ya amake n'kukamenyetsa chipumi pachitsulo cha mpando, magazi chuchuchu.

Mayi Sialei anali atagwiritsitsa mpando. Anakonza chipewa chawo, natsika pachipata pawo ndendende.

"Mwaonatu, bambo Mareko," anatero ali panja, "mukafuna mumatha."

Achimwene anatembenuza basi ulendo wa kuchipatala, komwe mwanayo anamusoka chipumi achimwene ataima pakhomo. Pochoka kumeneko anapita okha kukasiya makiyi. Mwini basi anawayang'ana modabwa.

"Bwanjinso, akulu? Lerotu palibe wadandaula."