Mphuno ya galimoto ya alamu anga

Alamu anga atagulitsa fodya wawo ku Mavwere anagula kagalimoto kakale kochokera kunja, n'kumanyamula anthu kuchoka pa boma kupita kuboda. Mafuta ankathira a m'zigubu, osakaniza ndi palafini. Sipanathe miyezi itatu, kanyale kachikasu kanayaka pa dashibodi.

Ndinawaperekeza kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo. Bamboyo anakwawira kunsi kwa galimoto, n'kutulukako ndi kachitsulo konga pulagi, kali bii ndi mwaye.

Mnzanga wina wophunzira za mainjini anali atandiuzapo kuti kachitsuloko ndi mphuno ya galimoto. Kamakhala pa ekizozi n'kumanunkhiza utsi, kenako kamauza kompyuta ya galimotoyo kuti ichepetse kapena iwonjezere petulo. Ndinafotokoza zimenezo, n'kunena kuti tigule kena.

"Achimwene, izi n'za kwa azungu," anatero makanikoyo. "Kuno mpweya ndi wambiri."

Alamu anagwedezera mutu ngati amva uthenga wakumwamba. Kachitsuloko kanaponyedwa m'chitini, pabowo panatsekedwa ndi bawuti. Kanyale kaja kanakana kuzima, ndiye anakamata ndi kapepala kolembedwa kuti Mulungu ndi wabwino.

Kuyambira tsikulo kompyuta inkangothira petulo mwachimbulimbuli. Galimoto inkamwa ngati chidakwa, utsi uli tolotolo, amayi ogulitsa mtedza m'mbali mwa msewu n'kumatseka mphuno ndi chitenje. Mpaka lero alamu amati anawalodza ndi anzawo a pasiteji. Mfitiyo ine ndinaiona masanasana: inali ndi sipanala m'manja, iwo akuithokoza.