Unkhoswe Wapita kwa a Dokotala

Achemwali anga asankha mng'ono wanga kukhala nkhoswe wamkulu pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndipo ine, woyamba kubadwa m'banja mwathu, andiika pambuyo pake. Iye ndi lekichala pa yunivesite ndipo anthu amamuitana kuti a Dokotala. Ine ndine mtolankhani.

Tinabadwa atatu ku Zingwangwa: ine, achemwaliwo, kenako iye. Makolo athu anachokera ku Mulanje, ndipo kwathu mbumba ndi ya malume. Amalume athu atamwalira, udindowo unagwera ine popanda wotsutsa. Kuyambira pamenepo ndakhala nkhoswe wa ana a amayi athu aang'ono ndi adzukulu awo, ku Bangwe, ku Ndirande, ku Nancholi. Ndakhala pa mipando yothyoka m'nyumba za lendi kumvetsera mwamuna ndi mkazi akulankhula nthawi imodzi. Ndabwezapo mkazi ali kale pa siteji ndi chikwama chake. Ntchitoyi ilibe satifiketi, koma pa mtundu wathu aliyense ankadziwa kuti ndi yanga.

Mng'ono wanga anaphunzira za chikhalidwe cha anthu. Anapita kunja, n'kubwerako ndi udokotala wa m'mabuku, ndipo tsopano amaphunzitsa za mabanja ndi chibale. Atandiuza kuti kafukufuku wake ndi wa unkhoswe m'matauni, ndinaseka. Munthuyu anali asanaweruzepo ngakhale mlandu wa mbale yosweka.

Loweruka lina masana anafika kwathu ndi kachipangizo kojambulira mawu.

"Achimwene, mundithandize. Mundiuze mmene mumayendetsera milandu ya mabanja."

"Ukufuna ukaphunzitse ana a eni ake nzeru zanga?"

"Eya, ndi za ena. Koma dzina lanu silidzaoneka paliponse. Komiti ya pa yunivesite siilola. N'zoteteza inu nomwe ndi mabanja amene muwatchulewo."

Ndinangoti alembe zimene akufuna. Ndinkaona ngati ndikuthandiza mwana homuweki. Ndinalankhula mpaka dzuwa linapendeka. Ndinamuuza kuti mlandu sindiuweruza tsiku lomwe wafika, wodandaula adye kaye, mtima utsike. Ndinamuuza kuti mabanja ambiri m'tauni muno akutenga mkulu wa mpingo kapena bwana wa kuntchito kukhala nkhoswe, chifukwa malume ali kutali kumudzi. Ndinamuuzanso mawu amene ndimauza aliyense wofuna unkhoswe chifukwa cha suti ndi zithunzi: ntchito ya nkhoswe imayamba mipando ikabwezedwa ku tchalitchi.

Patapita nthawi zolemba zake zinasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, ndipo anaitana anzake a kuntchito kunyumba kwake ku Chinyonga kukawotcha nyama. Nanenso anandiitana. Ambiri mwa iwo ndinkawadziwa mawu okha, chifukwa pa ntchito yathu pali lamulo losalembedwa lakuti mtolankhani sadziwa kanthu. Ukhoza kuona ndi maso ako madzi a m'chitsime ali bii, koma mkonzi sangalole kuti ulembe kuti ndi oipa. Amafunsa kuti, "Wanena ndani?" Ndiye umaimbira lekichala, iye n'kunena zimene waona kale iwe, n'kulowa m'nyuzipepala ndi dzina lake.

Tsikulo ndinawaona nkhope. Panali bambo wa zamadzi amene amatunga m'zitsime za ku Ndirande n'kukayeza mu labu. Panali mayi wa zachuma amene amatsata banki mkhonde ya amayi a mumsika. Panali injiniya amene nkhani yake ndi nyumba zomangidwa m'mbali mwa mapiri, ndi wina wa zilankhulo amene akutolera mawu a Chilomwe amene ana a m'tauni sakuwadziwanso. Wa zamalamulo analiponso, uja amayankha funso lililonse ngakhale la mpira.

"Ndinu aja mumaimba nthawi ya lanchi!" anatero mayi wa zachuma atamva mawu anga. "Ndakhala ndikudya mpunga wozizira chifukwa cha inu."

Ankasekana momasuka. Injiniya ankati wa zilankhulo amalandira malipiro pocheza ndi nkhalamba. Wa zilankhuloyo n'kubweza kuti malipoti a injiniya amawerengedwa nyumba zitagwa kale. Aliyense anali ndi kamunda kake, ndipo anzake ankalemekeza malire ake. Wa zamadzi akalankhula za zitsime, ena onse ankakhala chete.

Kenako ananditembenukira. "Nanga inu achikulire, gawo lanu ndi liti?"

"Zonse," ndinatero.

Anaseka, nanenso ndinaseka. Koma ndi zoona. Zitsime ndalembapo, banki mkhonde ndalembapo, nyumba za m'phiri ndinakaziona matope ali m'mawondo. Palibe chimodzi chimene chimatchedwa changa. Nyuzipepala ya dzulo amakulungira usipa mumsika wa Zingwangwa.

Mng'ono wanga anandionetsa zolembazo. Ndinadzipeza pakati: "nkhoswe wina wa ku Zingwangwa, bambo wa zaka zapakati." Mawu anga anali pomwepo, osasinthidwa. Pa ntchito yathu munthu wobisidwa dzina amakhala woopa kuchotsedwa ntchito kapena wochitidwa chipongwe. Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikulimbana kuti dzina langa likhale pamwamba pa nkhani. Ndinamuyamikira, n'kupempha nyama ina.

Zotsatira zake ndinazikonza ndi manja anga. Mnzanga wa pa desiki ya zachikhalidwe ankalemba za kutha kwa maukwati, ndipo mkonzi anamufunsa funso lake lija. Kenako mkonziyo anandikuwira ali pa khomo la ofesi yake: "Mng'ono wanu uja si katswiri wa zimenezi? Tipatseni nambala." Ndinapereka. Nkhaniyo inatuluka ndi chithunzi chake, atavala tayi, ndipo pansi pake m'zilembo zikuluzikulu panali mawu a mipando ya ku tchalitchi aja.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Mnzangayo anandiuza kuti mng'ono wanga ananena momveka kuti mawuwo anawamva kwa nkhoswe wina wa ku Zingwangwa. Mzere umenewo unadulidwa chifukwa malo anachepa pa tsamba. Ndi mmene timagwirira ntchito: munthu wopanda dzina ndiye woyamba kudulidwa. Wailesi ina inaitana mng'ono wangayo, kenako ina. Tsiku lina ndinawamva mawu anga mu minibasi ya ku Chilomoni, kondakitala akugwedeza mutu kuvomereza.

Mwana wa achemwali atapeza mwamuna, ndinapita ku Machinjiri ndikudziwa kuti andiitanira unkhoswe. Ndinapeza achemwali akusita zovala za kaunjika zimene amagulitsa. Sanazimitse simbi.

"Achimwene, musakwiye. Akuchimuna akubwera ndi pulofesa."

"Pulofesa wa chiyani?"

"Akuti wa misewu ndi milatho."

"Ndiye tikukamanga mlatho?"

"Inu zanu n'zoseka basi. Iwo akadzati awa ndi a Pulofesa, ife tidzati chiyani? Ndipo mng'ono wanuyo si dokotala wa china chilichonse, ndi wa maukwati enieniwo. Simunamumve pa wailesi? Akuti ntchito ya nkhoswe imayamba mipando ikabwezedwa. Ine mawu amenewo anandilowa mpaka mumtima."

"Mawuwo ndi anga, achemwali."

Anaimika simbi, n'kundiyang'ana mwachisoni ngati munthu wodwala.

"Nsanje pa msinkhu wanuwu, achimwene?"

Mwini ukwatiyo anatuluka kuchipinda foni ili m'manja. Ndi mwana amene ndinamuperekeza ine tsiku loyamba ku sekondale. Anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Ankolo, inu mudzakhalapobe. Mudzakhala wachiwiri." Ankaganiza kuti akunditonthoza.

Mawa lake ndinapita ku yunivesite. Aka kanali koyamba kulowa m'mipanda imeneyo popanda nkhani yoti ndikalembe. Maofesi ali mondondozana m'khonde lalitali, chitseko chilichonse ndi dzina la mwini wake ndi gawo lake. Cha mng'ono wanga chinali chokhoma. Mayi wa mu ofesi ya dipatimenti anati a Dokotala ali m'kalasi, ndipo anandilozera. Ndinalowa mwakachetechete n'kukhala kumbuyo.

Ndinapita ndikuyembekezera kumva nzeru zanga zikugulitsidwa. Sizinali choncho. Ankafotokoza mmene mabanja a Chisilamu ku Ndirande amaphatikizira malume ndi shehe pa mlandu umodzi, ndi amene amayamba kulankhula. Ankafotokoza za mabanja ochokera kuchigwa cha Shire okhala ku Bangwe, kumene malowolo amasintha mphamvu za nkhoswe wa kuchikazi. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chake ankhoswe achikazi akuchuluka m'tauni, iye n'kuyankha ndi zitsanzo za mabanja amene anacheza nawo. Zambiri mwa izo ndinali ndisanazimvepo. Ine ndimadziwa unkhoswe wa mtundu wathu. Iye anayenda m'nyumba zambiri, n'kuika zonse pamodzi. Akanakhala mbuli ndikanatuluka mtima uli m'malo. Koma amaidziwa ntchito yake, ndipo ophunzira ankalemba mothamanga kuopa kuphonya liwu.

Kalasi itatha, mu ofesi mwake anayamba yekha.

"Achimwene, achemwali andiimbira. Ndawauza kuti mawu aja ndi anu. Poti mwawauza kale nokha, sindinaphwanye lamulo la komiti lija."

"Ati chiyani?"

"Ati ndikukubisirani manyazi chifukwa ndine mwana waulemu."

Panja wina anagogoda, n'kusuzumira, n'kunena kuti, "Pepani a Dokotala," n'kutseka.

"Ndikana," anatero. "Unkhoswewu ndi wanu. Ine sindinaimepo pakati pa mabanja awiri. Ndimangowajambula mawu."

Izi ndi zimene ndinapitira, ndipo atazinena ndinaona kuti sizingatheke. Akakana, Machinjiri yense adzamva kuti mkulu wake anamulondola mpaka kuntchito kukamuopseza. Achemwali adzandilandira chifukwa chosowa wina. Pa chinkhoswe ndidzaimirira kulankhula, anthu akuyang'ana iye ali phee pa mpando, n'kumanong'onezana kuti wodziwa ndi uyo wakhalayo. Unkhoswe wopatsidwa mwachifundo ndi mng'ono wako si unkhoswe. Mwana uja akadzakangana ndi mwamuna wake, sadzamvera munthu amene amayi ake sanamufune.

"Usakane," ndinatero.

"Achimwene..."

"Ndati usakane. Mlongo wako akufuna Dokotala, mpatse Dokotala."

Sindinanene zimenezi chifukwa cha ubwino wa mtima. Potuluka ndinawerenganso dzina lake pa chitseko, zilembo zoyera pa pulasitiki wakuda, ndipo ndinafuna chitseko choterocho kuposa mmene ndinafunirapo china chilichonse. Ndinakwera minibasi ya ku Zingwangwa, ndipo ndinathokoza kuti dalaivala anaika nyimbo za kwaya osati wailesi.

Loweruka likubwerali akuchimuna afika ku Machinjiri ndi pulofesa wawo kudzaonana ndi ankhoswe a kuchikazi. Wolankhula adzakhala mng'ono wanga. Wandipempha kuti ndipite kwake Lachisanu ndikamuuze woyamba kupatsidwa moni, pokhala aliyense, ndi mawu oyankhira akuchimuna akanena chimene abwerera. Ndamuuza kuti ndipita ndikaweruka. Achemwali atumiza uthenga wakuti pa chinkhoswe chenichenicho, thadzi lopereka kwa akuchimuna ndidzanyamula ndine.