Botolo la a Pang'onopang'ono

Pasukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto onse amawatchula kuti a Pang'onopang'ono, chifukwa ndiwo mawu amene amatuluka pakamwa pawo tsiku lonse. Wophunzira akaponda moto kwambiri, amati pang'onopang'ono. Akasiya kilatchi mwadzidzidzi galimoto n'kuzima pakati pa msewu, kumbuyo mahutala akulira, amangoti, "Pang'onopang'ono, achimwene, palibe wafa." Akalamba ali pampando wapambali pa woyendetsa, phazi lili chire pa buleki yawo yapadera. Kukalipa sadziwa, kukananso sadziwa. Akazi awo amati munthu atawatsatsa nsapato ya phazi limodzi, angagule n'kuthokoza.

Mwana wawo wamkazi, namwino, anakwatiwa ndi mnyamata wa kubanja lopata bwino. Nthawi zonse mabanja awiriwa akakumana, olipira ankakhala bambo ake a mkamwiniyo, asewere awo, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima a Pang'onopang'ono. Atamva kuti asewere akubwera Loweruka lina, anaumirira kuti nkhomaliro ya tsikulo ndi yawo. Anasankha lesitilanti yokhala ndi nsalu zoyera pamatebulo, ndipo dzulo lake anadutsako kukasuzumira mitengo ya zakudya pa bolodi la pakhomo. Anaona kuti akwanitsa. Za zakumwa sanaganizeko, poti iwo mowa salawa.

Anawapatsa tebulo la pakona. Iwo anakhala chotsamira khoma, akazi awo mbali iyi, asewere mbali inayo, mwana ndi mkamwini kutsogolo kwawo.

"Kavinyo pang'ono sikangaipe," anatero asewere. "Koma asankhe ndi eni tsikuli."

Weita anawapatsa buku la zakumwa la chikuto chachikopa. Apo m'pamene anakumbukira kuti magalasi owerengera awasiya m'galimoto ya kuntchito. Zilembo zinkangooneka ngati nyerere zili pamzere. Kupempha mwana kuti awawerengere pamaso pa asewere anaona kuti n'kudzichotsa ulemu, choncho anayendetsa chala mpaka pamene anaona nambala yaifupi, n'kuima pomwepo. Sanadziwe kuti imeneyo inali nambala ya botolo chabe. Mtengo unali kumapeto kwa mzere, kutali ndi chala chawo.

"Ameneyu, bwana?" anafunsa weita, nsidze zitakwera pang'ono.

"Yemweyo."

Botolo silinabwere ndi weita. Linabwera ndi mwini malo weniweni, mayi wamtali wovala jekete lakuda, atalikulunga m'kansalu ngati khanda. Analitsegula pamaso pawo, chotsekera chija n'kuchiika pa kambale. Asewere anawerenga chizindikiro cha pabotolo, n'kuimba kamluzu chapansipansi.

"Asewere, mwatilemekeza mopitirira," anatero. "Ine botolo ili ndimangolionera patali. Apatu mwatiikira matayala anayi atsopano patebulo, ndi batire yomwe."

Mtengo wa vinyo a Pang'onopang'ono sankaudziwa, koma wa matayala ankaudziwa bwino. Anayang'ana botolo lija: linali lotsegula kale, ndipo mayi uja anali atathira kadontho m'tambula yawo, akudikira kuti alawe. Analawa. Anamva kuwawasa ndi kafungo ngati ka kabati yakale.

"Ali bwino," anatero.

"Adadi, simunatiuzepo kuti zimenezi mumazidziwa," anatero mwana wawo, nkhope itawala. Kawirikawiri pamaso pa apongozi ake mwanayu ankakhala womangika, koma tsiku limeneli ankaseka momasuka, ndipo bambo ake ataona zimenezo anadziwa kuti pakamwa pawo patsekedwa.

Akazi awo anawaponda phazi pansi pa tebulo. "Bambo a mwana, ndalama zake mwazitola kuti?" ananong'ona.

"Idyani, mayi, zizizira."

Koma iwo eni chakudya sichinatsike. Ankatafuna nyama osamva kukoma, maso ali pa botolo limene linkatsika pang'ono ndi pang'ono. Kuti atuluke pakonapo panafunika kuti asewere aimirire, ndipo asewere anali mkati mofotokoza za mphesa ndi nyengo yake. Pamapeto pake a Pang'onopang'ono ananamizira zopita kukasamba m'manja, n'kulunjika pa kauntala.

Khadi lawo la kubanki makina analikana. Mwini malo anayesanso, n'kuwayang'ana.

"Mayi, ndinene zoona," anatero iwo, mawu ali pansi. "Za chakudya ndili nazo. Botololo ndinaloza osaona."

Maso a mayiyo anali pa makiyi amene anali m'dzanja lawo, pomwe pankalendewera kachizindikiro ka sukulu yawo.

"Mumaphunzitsa galimoto?"

"Eya."

"Ine mayeso a laisensi andikanika kangapo. Aphunzitsi anga onse amatha n'kundikalipira." Anabweza khadi lija. "Lipirani chakudyacho. Za botolo tikambirana Loweruka m'mawa, mubwere ndi galimoto."

Umo ndi mmene Loweruka, tsiku lawo lokhalo lopuma, linachokera m'manja mwawo. Abwana a sukulu anavomera kuwabwereka galimoto bola mafuta azithira okha. Mayi uja ankagwira chiwongolero ngati akufuna kuchizula. Akaona lole ikubwera ankatsinzina. Pokhota ankayankha foni, n'kumakalipira ophika ake kwinaku galimoto ikukwera m'mbali mwa msewu. A Pang'onopang'ono ankabwerera kunyumba n'kunena kuti kuntchito kwachuluka ophunzira.

Nako kubanja mbiri inali itafala. Asewere ankauza aliyense kuti mwana wawo anakwatira kwa anthu odziwa zinthu. Azilamu ake a mwana uja anayamba kuimba foni kufunsa vinyo woyenera nsomba kapena nyama yootcha. Iwo ankangoyankha kuti, "Zimatengera," ndipo ofunsawo ankathokoza kwambiri.

Bodza la Loweruka linatha pamene mayi wina woyandikana nawo nyumba anauza akazi awo kuti amaona amuna awo ali ndi mzimayi yemweyemweyo sabata iliyonse. Madzulo ake akazi awowo anawakhazika pakhitchini, chitseko chotseka.

"Ndi ndani ameneyo?"

Anafotokoza zonse, kuyambira pa magalasi. Akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ikutuluka. Kenaka anadzipukuta ndi nsalu ya mbale.

"Mwana asamve," anatero. "Mmene akuyendera monyada kwa apongozi ake, musamuchotsere zimenezo."

Mayi wa lesitilanti uja anadzakhoza mayeso nyengo yozizira itatha, ndipo anawagwira chanza n'kunena kuti nkhani ya botolo yatha. Sabata yomweyo asewere anaimba foni. Akubwera mwezi wamawa ndi anzawo awiri amene akufunitsitsa kukumana ndi katswiri wa vinyo, ndipo tebulo asungitsa kale.

A Pang'onopang'ono akuganiza zodzadwala tsiku limenelo. Akazi awo akuti chimfine sichikwana, apeze matenda ooneka.