Maso anu osankhira fodya

Atate, lero pa foni pabwera chithunzi cha matukani awiri, mbalame za milomo ikuluikulu zija za m'nkhalango zakutali. Ndakumbuka inu.

M'ma 1950 muja ku Nsaru, ndinakupezani m'chigafa mukusankha fodya, ine misozi ili mbwembwembwe. Aphunzitsi anali atandibwereka buku kuti mawa lake ndikanene kusiyana kwa matukani awiri amene anali m'bukumo, apo ayi chikoti. Inu, osadziwa ngakhale kulemba dzina lanu, munangoyang'ana kamodzi. "Iwe, sukuona? Iyi pakhosi mpoyera, iyi mpachikasu. Zikanakhala fodya, sindikanazimanga pamodzi."

Lero ndayang'anitsitsa mpaka mutu kuwawa. Ng'ala yandiphimba maso, Atate, ndatopa. Zabwereranso kukhala zofanana, ndipo wondilozera palibe.