Soda m'Chambiko cha Bambo

Ine ndikagwira nkhani sinditaya, ndi chibadwa changa. Chaka chimene bambo anayamba kudandaula chilungulira ndinali nditangogula foni yaikulu, ndipo pagulu la amayi akutchalitchi panafika uthenga wakuti zakudya zili pawiri: zina zimathira asidi m'magazi, zina zimamuzimitsa. Ndinalumpha ndi chimwemwe. Matenda a bambo ndawagwira!

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita kwathu ku Dambe. Chowawasa chilichonse ndinaletsa: mandimu, thobwa logona, chambiko chomwe. Apo ndiye ndinawalasa. Chimwalirireni amayi, chakudya chokha chimene chinkatsika bwino pakhosi pa bambo chinali mbatata ya kachewere yothira chambiko cha ng'ombe zawo, monga amayi ankawakonzera.

Sanatsutse. Anangoti, "Wophunzira ndiwe, mwana wanga."

Patatha milungu itatu ndinawapeza ataboola bowo lina palamba. Mbale ankangoiyang'ana n'kuikankha. Mantha anandigwira, koma kugonja ayi. Nzeru ina inandifikira: soda wophikira therere! Ndinapempha chambiko kwa oyandikana nafe, ndinathiramo supuni yodzaza, n'kuvundula. Mayo ine! Chambiko chinafufuma, thovu kusefukira patebulo mpaka pansi, ine m'manja kuwomba.

"Mwaona, bambo? Asidi akuthawa!"

Analawa, nkhope inakwinyika, nathamangira panja kukalavula. "Iwe, uyu ndi sopo."

Lolemba ndinawakokera kuchipatala, cholinga adokotala andivomereze. Nditafika pa nkhani ya soda, adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kuwawasa kwa pakamwa sikunena zimene chakudya chikachite m'thupi, magazi amasamalidwa ndi impso ndi mapapo, ndipo m'mimba muli kale asidi waukali kuposa chambiko. Kenaka anatembenukira kwa bambo.

"Kodi mukadya chambiko, pamtima pamaotcha?"

"Ayi, olo tsiku limodzi. Koma pamaotcha ndikamwa tiyi wakuda m'mimba mulibe kanthu."

Funso lophweka chonchi, ine ndi foni yanga yonse sindinawafunsepo. Manyazi anandigwira, koma chimwemwe chinaposa. Atalandira mankhwala, njira yonse yobwerera ndinkangolongolola kuti tikakama mkaka lero lomwe, tikauika pofunda, pofika Lachitatu ukhala utagwira.

Bambo anangomwetulira. Titafika analowa kuchipinda natuluka ndi chipanda cha amayi, chodzaza chambiko, fungo lake lokoma kununkhira nyumba yonse.

"Mumamwa mobisa eti?" ndinafunsa.

"Sindinalaweko, unaletsa. Ndinkangothiramo mkaka, ukagwira n'kupatsa ana a pamudzi. Chipanda cha amayi ako sichinaumepo chikwatirane, ndiye chiume chifukwa cha foni?"

Ndinasenda mbatata misozi ili mbwembwembwe, uku ndikuseka. Tsiku limenelo bambo anadya mbale ziwiri, napempha yachitatu.