Tsiku Limene Ndinauza Woyera Kuti Alande

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga. Ankaimba kwaya imodzi ndi a Mwale, amene ankayendayenda m'maholo a matchalitchi a ku Kitwe kuonetsa mafilimu. A Mwalewo ankafuna munthu womasulira pamaikolofoni filimu ikuyenda, ndipo azakhali anawauza kuti Chingerezi ndimachiwerenga ngati madzi. Za Chinyanja changa sanafunse. Makolo anga ndi a ku Katete, koma ine ndinabadwira ku Bulangililo, komboni ya mu Kitwe momwemo, ndipo ndikangotuluka pageti ndinkayankhula Chibemba.

Ntchitoyo inali ndi dongosolo lake. Tinkaphimba mawindo ndi mabulangete, kukhoma chinsalu choyera pakhoma, n'kulumikiza laputopu ku projekita ndi ku sipika. Mawu a filimu tinkawatsitsa, ine n'kumawerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi ndi kumasulira nthawi yomweyo. "Usatsalire, Esinati," ankatero a Mwale. "Chithunzi sichidikira munthu." M'maholo ambiri ndinkamasulira m'Chibemba, ndipo zinkayenda.

Kenako amayi a Chikatolika ochokera ku Chipata anatiitana kukomboni ya Buchi. Ankafuna filimu ya woyera wa ku Falansa, mtsikana wakale uja amene anameta tsitsi, kuvala zovala zachitsulo n'kutsogolera asilikali, mpaka adani anamugwira ndi kumuwotcha. Anapempha kuti ikhale m'Chinyanja. Tinayamba cha m'ma thuu masana, ndipo atate anga anakhala kutsogolo, atavala jekete la ku Misa.

Pankhondo ndinapulumuka, poti mahatchi ndi malupanga sizifuna mawu ambiri. Mavuto anayamba m'bwalo la milandu. Oweruza ankafunsa mothamanga, mawu m'munsi akusintha ndisanamalize, lilime langa n'kuyamba kuterereka. Woweruza wamkulu atalamula mtsikanayo kuti ayankhule, ine ndinakuwa kuti, "Landa! Landa pamaso pa Mulungu!"

M'Chibemba kulanda ndi kuyankhula. M'Chinyanja ndi kutsomphola chamwini.

"Alande chiyani mwana ali m'maunyolo?" anafunsa mayi wina kumbuyo. Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Pachinsalu misozi inkatsika pankhope ya mtsikanayo, anthu akugwira nthiti ndi phwete. Ndinayesa kukonza, koma chilichonse chinkatuluka m'Chibemba. Ndinayang'ana atate. Sankaseka. Ankangoyang'ana nsapato zawo.

A Mwale anaimitsa filimu, n'kutenga maikolofoni m'manja mwanga mwakachetechete. Anamasulira okha mpaka pamoto. Ine ndinakakhala kuseri kwa sipika, ndikumva amayi omwewo akulira pomva nkhaniyo m'Chinyanja cha munthu wina.

Mu minibasi pobwerera ndinkayembekezera kukalipiridwa. Titadutsa msika, atate anati, "Agogo ako akanakumva lero, akanafunsa ine, osati iwe. Ndine ndinkakuyankha m'Chibemba ukadali wamng'ono." Zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa kuja.

A Mwale sanandichotse. Anangondibwereka laputopu. Kuyambira pamenepo sindinkaimanso pamaso pa anthu ndi filimu imene sindinaionere kunyumba. Ndinkaiimitsa pamzere uliwonse wovuta, atate ali pambali, ine n'kumafunsa kuti ichi kwathu amati chiyani. Mawu ena iwonso anali atawaiwala, ndipo ankaimbira foni achemwali awo ku Katete.

Lero ndimamasulira pamisonkhano ku Ndola, ndipo ndisanavomere ntchito ndimafunsa kaye kuti omvera ndi ndani. Filimu ya mtsikana uja sindinaimasulirenso pagulu. Tinangoionera awiri ndi atate, ndipo titafika pamoto paja palibe anafunsa mnzake mawu.