Eya wa Mayi Prokop Ndi Mmodzimmodzi

"Bambo ako azulanso pulagi kuti alumikize galimoto, eti?" anandifunsa Mayi Prokop ndisanatule n'komwe kompyutayo.

Ndinavomera. Kwathu ku Yorkton kukazizira zedi galimoto timailumikiza ku magetsi kuti injini isaume, ndiye m'galaja mwa bambo soketi ndi imodzi yokha. Anazula kompyuta ili pakati pa ntchito, m'mawa mwake inakana kuyaka. Mawu a malemu amayi anga akuimba nyimbo za Khirisimasi anali m'menemo, kwina kulikonse kunalibe.

Mayi Prokop anatha zaka makumi atatu akusamala makompyuta a kampani yogula tirigu. Atapuma pa ntchito anapempha kachipinda kuseri kwa shopu ya mlongo wawo, yogulitsa misomali ndi mawaya. Mpaka lero ali momwemo, ndi mpando umodzi wa alendo.

Anabaya fulashi yawo, kompyuta n'kuyakira pa fulashiyo. Anayamba akopera kaye diski yodwalayo yonse, kenako n'kutsegula pulogalamu yokonzera. Ikapeza posokonekera inkafunsa kuti ikonze kapena ayi. Iwo ankawerenga funso lililonse, chala chili pagalasi, asanayankhe.

Ine n'nali nditangobwera kuchokera ku Seoul, komwe foni amakukonzera khofi asanazizire. Mpando uja unkandiwotcha.

"Mayi, ilipotu njira yongoiuza kuti eya pa zonse."

"Ndikuidziwa, abwana a ku Korea. Ndinaiyesapo kamodzi ndili mtsikana, mafayilo a alimi makumi anayi n'kusanduka zinyalala. Takhala pansi iwe, ukundichititsa chizungulire."

Panapita maola awiri. Kompyuta inayaka, koma mafayilo ena anabwerera opanda mayina, manambala okhaokha. Tinayamba kutsegula imodziimodzi. Yoyamba, chithunzi cha thalakitala. Yachiwiri, zopanda mutu. Pa yachisanu ndi chiwiri tinamva kutsokomola, kenako: "Walter, tatsekani chitseko, kukuzizira!" Anali amayi, akuuza bambo. Atatero anayamba kuimba.

Mayi Prokop anavula magalasi, n'kuyang'ana kuwindo.

"Stella ameneyo. Kukwaya ankatitsogola nthawi zonse, ife tisanapume n'komwe."

Sindinkadziwa kuti ankaimba limodzi. Anandikoperanso nyimbozo pawiri osandifunsa.

"Ukawauze bambo akowo kuti akadzazulanso, adzabwere okha ndidzawakalipire."

Potuluka ndinaima pa kauntala ya mlongo wawo, n'kugula adaputala ya mabowo awiri yoika pa soketi ija. Ndinaiika m'thumba la jekete, kompyuta ndaikwapatira, ulendo wa kunyumba.